Nyenyezi Zachilendo Pamwamba pa Mankhamba ndi Mua

Munthu woyenda pa mseu wa kunyanja, kuchokera ku Golomoti kuloza ku Salima, akapitirira mphambano ya ku Mua nayandikira Mtakataka, amakhala akuponda dziko limene kale lidali pakati penipeni pa ufumu wa Amaravi. Kufupi ndi mtsinje wa Nadzipulu kuli malo otchedwa Mankhamba. Katswiri wofukula zakale, Dr Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalopo adapeza mapale a mbiya, zitsulo, mkuŵa, minyanga ya njovu, mikanda yagalasi, ndiponso zidutswa za mbale zochokera ku China. Tsono m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 pamenepa padali mudzi waukulu wa anthu a Kalonga, anthu osula, osaka ndi amalonda, amene ankagwiritsa ntchito katundu wochokera kumaiko kumene miyendo yao sidafikeko.

Pamwamba pa mudzi umenewu, m'mwezi wa Okutobala 1604, tchire litapsa ndipo anthu akusosa m'minda kudikira mvula, padatuluka nyenyezi pamalo pamene kale padalibe kanthu. Idaoneka koyamba pa 9 Okutobala, pafupi ndi pamene Mars, Jupiter ndi Saturn zidaunjikana chaka chimenecho, ndipo m'masabata oŵerengeka idakula mpaka kuŵala kuposa Jupiter yemwe. Ku Prague, kumene kunkakhala katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler, nyenyeziyo inkaoneka m'munsi, pafupi kubisika kuseri kwa madenga, ndipo mitambo idamchedwetsa kuiona mpaka pa 17 Okutobala. Kuno kwathu, popeza tili kumwera kwa dziko lapansi, idali pamwamba ndithu dzuŵa likangoloŵa, m'nyengo imene mitambo imasoŵa. Wocheza pabwalo madzulo ku Mankhamba akadaiona bwino kuposa Kepler.

Komabe lero nyenyeziyo imadziŵika ndi dzina la Kepler. Iye sadali woyamba kuiona, ndipo adalibe chida choonera kutali, pakuti telesikopu idatulukira m'chaka cha 1608. Chimene adachita nchakuti kunja kukayera ankailinganiza ndi nyenyezi zina zodziŵika kale: usiku uno yaposa iyi, mwezi wamaŵa yafanana ndi iyo, kenaka yatsika mpaka kulingana ndi inayo. Zonsezi ankalemba pamodzi ndi tsiku lake, kwa chaka chathunthu, ndipo adatulutsa buku m'chaka cha 1606. Ku China nako adalemba, ndipo ku Korea alembi a mfumu ankalemba pafupifupi usiku uliwonse kwa miyezi ingapo. Kumaiko amenewo nyenyezi yotere ankaitcha mlendo, dzina limene ife tingalimve msanga, ife amene timati mlendo ndi mame. Dziko lomwe lidaumba mbale zija zopezeka m'dothi la ku Mankhamba ndi limodzi mwa maiko amene adasunga m'mabuku nyenyezi imene idaŵalira Mankhamba. Patapita zaka zoposa 300, m'chaka cha 1943, Walter Baade adasonkhanitsa zolemba za ku Ulaya najambula mzere woonetsa m'mene kuŵala kwa nyenyeziyo kudakwerera ndi kutsikira. Mzerewo udatsimikiza kuti mlendo wa 1604 adali nyenyezi yophulika, imene akatswiri amaitcha supernova.

Pasakhale wina woganiza kuti makolo athu sankapenya kumwamba. Ankaidziŵa Nthanda, ankazidziŵa Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, ndipo nyengo ankaziŵerenga poyang'ana mwezi. Mbiri yao ankaisunga pakamwa, ndipo pakamwapo padasungika zambiri: maina a Akalonga, ulendo wochokera ku Uluba, udindo wa Makewana ndi wa Mwali. Koma pakamwa pamasunga zimene zikukhudza moyo wa fuko. Zoti usiku wakutiwakuti nyenyezi idachepako pang'ono poyerekeza ndi dzulo lake si nkhani yoti agogo nkufotokozera adzukulu. Ndi nkhani youma, yoyenera pepala, ndipo kaŵirikaŵiri phindu lake limadzaoneka wolembayo atapita kale.

Nyenyezi ya 1604 idasautsa ophunzira a ku Ulaya, ansembe ndi anthu wamba omwe, chifukwa ambiri ankatsata chiphunzitso cha Aristotle chakuti kuseri kwa mwezi kulibe chinthu chosintha. Galileo adaphunzitsa poyera ku Padua kuti mlendoyu adali kutali kuposa mwezi. Tonse tikudziŵa kuti pambuyo pake Galileo adazengedwa mlandu ndi akuluakulu a Mpingo pa nkhani ina, ya kuzungulira kwa dziko, ndipo m'chaka cha 1992 Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adavomera poyera kuti oŵeruza aja adalakwa. Koma si ambiri amene amadziŵa kuti mmodzi mwa anthu amene adaphunzitsa dziko kuŵerenga kuŵala kwa nyenyezi adali wansembe.

Njira yake tingaimvetse tili pamafuwa. Mukaponya mchere pamoto, malaŵi amasanduka achikasu. Mukaikapo kachidutswa ka mkuŵa, amabiriŵira. Chinthu chilichonse chikatenthedwa kwambiri chimatulutsa mtundu wakewake wa kuŵala. Kuŵala kukadutsa m'galasi la ngodya zitatu kumagaŵika m'mitundu ngati utawaleza, ndipo mu utawalezamo mumaoneka timizere, tina toŵala tina takuda. Chinthu chilichonse chili ndi timizere take, monga m'mene mphini za pankhope zinkadziŵitsira kale kumene munthu adachokera. Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen adafotokoza zimenezi ku Germany cha m'ma 1859 ndi 1860. Posakhalitsa Bambo Angelo Secchi, wa chipani cha Ajezuiti, adalozetsa galasi lotere ku nyenyezi ali padenga la tchalitchi la Ignasio Woyera ku Roma. Kuyambira 1863 adapenda utawaleza wa nyenyezi pafupifupi 4,000 naziika m'magulu molingana ndi timizere take. Kuchokera pamenepo munthu adatha kunena zimene zili m'nyenyezi popanda kupitako. Timizereti timanenanso za liŵiro. Aliyense amene adaimapo pafupi ndi njanje ya ku Salima akudziŵa kuti kulira kwa sitima kumamveka kwina ikamabwera ndi kwina ikamapita. Momwemonso timizere timasendera mbali ya mtundu wa buluu chinthu chikamathamangira kwa ife, ndi mbali yofiira chikamatithaŵa.

Chizoloŵezi cholemba za tsiku ndi tsiku chidafika m'chigwa chathu m'chaka cha 1902, pamene Abambo a White Fathers adatsegula mishoni ya Mua. Lamulo la chipani chao lidali lakuti mishoni iliyonse izisunga buku lolembamo zochitika. Zambiri zimene ankalembamo zidali zazing'ono: mvula, matenda, milandu, chiŵerengero cha ophunzira katekisimu; ndipo ena mwa maganizo ao pa miyambo yathu sitingagwirizane nawo lero. Koma Ian Linden, polemba mbiri ya Mpingo pakati pa Acheŵa imene idatuluka m'chaka cha 1974, adatsamira kwambiri mabuku otereŵa. Amene ankalemba madzulo pa nyali ya parafini sankadziŵa kuti ndi mzere uti umene udzafunike.

Kuchokera mu 1604 padapita zaka 383 popanda nyenyezi ina yophulika yooneka bwino ndi maso. Mlendo wachiŵiri adafika mu 1987, chaka chovuta m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, pakuti abale athu a ku Mozambique ankaoloka malire miyandamiyanda kuthaŵa nkhondo. Lolemba pa 23 Febuluwale, nthaŵi ili 9:35 m'maŵa kuno kwathu, ana ali m'kalasi ndipo chimanga chili ngaiyaye m'minda, tinthu tating'ono kwambiri totchedwa neutrino tidadutsa m'dziko lonse lapansi. Tinthuti timapyola thanthwe monga kuŵala kumapyolera galasi. Mabiliyoni ambirimbiri adapyola thupi la munthu aliyense ku Mua, ku Mtakataka ndi kwina kulikonse, popanda womva kanthu. Makina atatu okwiriridwa pansi pa nthaka ndiwo adakolako toŵerengeka m'masekondi 13: makina a Kamiokande, thanki ya madzi m'mgodi wa ku Japan, adakola 11, ena m'mgodi wa mchere ku Ohio, ku America, adakola 8, ndipo a ku Baksan, m'mapiri a Caucasus, adakola 5.

Tinthuti tidali uthenga wa maliro a nyenyezi. Kumwera kwa thambo kuli timitambo tiŵiri toyera timene sitichoka pamalo pake pakati pa nyenyezi, ndipo mphepo siititenga. Azungu adatitcha Mitambo ya Magellan. Si mitambo ya mvula ai, koma milalang'amba ing'onoing'ono yoyandikana ndi mlalang'amba wathu, uliwonse ndi nyenyezi zosaŵerengeka. Mu Mtambo Waukulu mudali nyenyezi yolemera pafupifupi ka 20 kuposa dzuŵa, yolembedwa m'kaundula ndi dzina lakuti Sanduleak -69 202. Nyenyezi yotere imakhala ngati ng'anjo. Imayamba ndi kusandutsa haidrojeni kukhala helium, kenaka zinthu zolemererapo, mpaka pakati pake padzaza chitsulo. Chitsulo ndiye phulusa la ng'anjo imeneyi, sichiyakanso. Moto wa pakati ukazima palibenso chochirikiza kulemera kwa nyenyezi, ndipo mtima wake umagwera m'kati sekondi imodzi isanathe, nusanduka mpira wa makilomita 20 okha m'mimba mwake, mtunda umene wapanjinga amaudula dzuŵa lisanatenthe. Zotsala zonse zimaponyedwa kunja. Zimenezi zidachitika kutali kotero kuti kuŵala, kumene kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, kudatha zaka pafupifupi 168,000 panjira.

Usiku wotsatira, ku Las Campanas m'mapiri a Chile, mnyamata wa ku Canada dzina lake Ian Shelton adajambula Mtambo Waukulu kwa maora atatu. Atatsuka chithunzicho adaona kadontho koŵala pamalo pamene dzulo lake padalibe kotere. Adatuluka panja napenya ndi maso ake, ndipo nyenyezi idalipodi. Oscar Duhalde, woyendetsa telesikopu ina pamalo omwewo, adali ataiona kale atatuluka kukapuma. Usiku womwewo ku Nelson, m'dziko la New Zealand, mkulu wina dzina lake Albert Jones adaipezanso payekha ali kuseri kwa nyumba yake.

Koma chimene Jones amakumbukiridwa nacho kwambiri ndi cha dzulo lake. Pa 23 Febuluwale, patangopita maora osakwana aŵiri chidutsire ma neutrino aja, kwao kuli usiku, iye adali atayang'ana mbali yomweyo ya Mtambo monga mwa chizoloŵezi chake, ndipo sadaonepo chachilendo. Patapita ora limodzi ndi mphindi zingapo Robert McNaught adajambula malowo ku Siding Spring, ku Australia, ndipo pachithunzi chake nyenyezi idali itatuluka kale. Poika pamodzi umboni wa anthu aŵiriŵa, akatswiri adadziŵa kuti kuŵala kudatsatira ma neutrino patapita maora aŵiri kapena atatu, nthaŵi imene mphamvu ya kuphulika idatenga kuchokera pakati pa nyenyezi kufika pakhungu pake. Nthaŵi yochepa chotere idasonyeza kuti nyenyeziyo sidali yotupa kwambiri. Kusaona kanthu kwa munthu mmodzi kudasanduka umboni, chifukwa choti ankadziŵa nthaŵi imene adayang'ana ndipo anzake ankadziŵa kuti sanama.

Mtambo wa Magellan suoneka ku Ulaya, choncho ntchito yaikulu idagwera malo openyera nyenyezi a ku Chile, ku Australia ndi ku South Africa. Ku Sutherland, m'chipululu cha Karoo, gulu la akatswiri, pakati pao John Menzies, Robin Catchpole, Michael Feast ndi Patricia Whitelock, lidayamba kuyeza kuŵala kwa nyenyeziyo ndi kupenda utawaleza wake usiku uliwonse kukayera, ndipo lidapitiriza kwa zaka. Utawaleza wa masiku oyamba udaonetsa timizere ta haidrojeni, chizindikiro chakuti yaphulika ndi nyenyezi yaikulu imene idali ikadali ndi chofunda chake. Timizereto tidali titasendera kutali mbali ya buluu, kusonyeza mpweya wothamangira kwa ife pa liŵiro la makilomita 30,000 pa sekondi. M'masabata otsatira liŵiro looneka lidatsika, pakuti zakunja zitamwazika openya adayamba kuona zam'kati zimene zinkayenda pang'onopang'ono. Mtundu nawo udasintha msanga. Nyenyezi idayamba yoyera mobiriŵira ndipo m'masabata aŵiri idafiirira, monga khasu limachitira likachoka pamoto wa wosula.

Kuŵala kwake ndiko kudadabwitsa. Nyenyezi zambiri za mtundu umenewu zimafika pachimake m'masiku ochepa kenaka nkuyamba kuzilala. Iyi idayamba mofooka, ndipo m'malo mozilala idanka nikula. Pa Lachitatu la Phulusa, 4 Malichi, idali kanyenyezi kosachititsa chidwi. Idakula m'Lenti yonse, idakulabe pa Pasaka, 19 Epulo, ndipo idafika pachimake cha pa 20 Meyi, patatsala sabata imodzi kuti tikumbukire Kukwera Kumwamba kwa Ambuye. Pamenepo inkaŵala ngati nyenyezi yochepetsetsa mwa zinai zikuluzikulu za Mtanda wa Kumwera. Chifukwa cha kufooka kwake koyamba chidadziŵika poyang'ana zithunzi zakale. Akatswiri ankaphunzitsa kuti zimene zimaphulika ndi nyenyezi zofiira, zotupa kwambiri, koma Sanduleak -69 202 idali yabuluu ndi yothinana, choncho mphamvu yambiri idathera pa kufutukula mpweya. Mabuku adayenera kukonzedwa, ndipo amene adaŵakonzetsa ndi anthu amene zaka zam'mbuyo adajambula ndi kulemba nyenyeziyo ikadali wamba.

Nanga nchiyani chinkaikoleza kwa miyezi itatu, moto wa pakati utazima kale? Yankho lidatuluka m'manambala a ku Sutherland ndi ku Chile. Kuyambira cha m'Julaye kuŵala kudayamba kutsika mwadongosolo, kumachepa ndi theka pa masiku 77 aliwonse. Nambala imeneyi akatswiri ankaidziŵa kale m'nyumba zao zoyeseramo zinthu. Pali mtundu wina wa nickel umene sukhalitsa: theka lake limasanduka cobalt m'masiku 6, ndipo theka la cobalt ameneyu limasanduka chitsulo m'masiku 77, uku akutulutsa kutentha. Poona kukula kwa kuŵalako adaŵerengera kuti kuphulikaku kudasula nickel wolemera kuposa maiko 20,000 onga lathuli, ndipo yenseyo adathera ku chitsulo. Pambuyo pake timizere ta cobalt tidaonekeradi mu utawaleza, tikumka tichepa pa liŵiro lomwelo. Kwa zaka zambiri anthu ankangoganizira kuti chitsulo chimasulidwa m'nyenyezi zophulika, koma mu 1987 adachiona chikusulidwa. Chitsulo chimene osula a ku Mankhamba ankayenga m'ng'anjo zao, cha khasu lathu, ngakhale chimene chimafiiritsa magazi athu, chidachokera m'nyenyezi zotere zimene zidaphulika dzuŵa lisanakhalepo. Mkhristu amene amalandira phulusa pamphumi chaka ndi chaka sayenera kuchita mantha ndi nkhani imeneyi. Yangomuuza kumene Namalenga adakonzera dothi lake.

Kodi ku Mua inkaoneka? Inde, kwa woidziŵa malo ake. Kumapeto kwa Febuluwale Mtambo Waukulu umakhala pamwamba pake penipeni kukangoda, kumwera, mbali ya ku Golomoti, madigiri 35 kuchokera pansi. Vuto nlakuti imeneyo ndi nyengo ya mvula. Pofika Meyi mitambo idali itachoka, koma Mtambo wa Magellan udali utapendekera kumapiri ndipo unkaloŵa usiku usanakule. Nyenyeziyo idalibe mchira, sinkayenda, sinkaŵala koposa zinzake. Kuti munthu aizindikire ankayenera kudziŵa kuti pamalopo kale padalibe kanthu. Achikulire amene amati adaona nyenyezi yamchira m'zaka zimenezo akukumbukira ina, ya Halley, imene idadutsa mu 1986. Pofika kumapeto kwa 1987 mlendo wathu adali atazimirira m'maso, ndipo adatsala wa matelesikopu okha.

Iwo sadamsiye. Cha m'ma 1988 utawaleza udasonyeza kuti m'zotsala za nyenyeziyo mwayamba kupangika fumbi. Mu 1990 telesikopu ya Hubble, imene imazungulira dziko m'mlengalenga, idaonetsa mkombero wa mpweya wozinga malowo, umene nyenyezi idautaya zaka pafupifupi 20,000 isanaphulike, ndipo m'zaka zotsatira zophulika zija zitayamba kuugunda, mkomberowo udayaka madontho ngati mkanda. Chimene chidasoŵa kwa nthaŵi yaitali ndi mpira uja wa makilomita 20, umene ma neutrino adaneneratu kuti wabadwa koma fumbi lidaubisa. M'mwezi wa Febuluwale 2024, patapita zaka 37, akatswiri ogwiritsa ntchito telesikopu ya James Webb adalengeza kuti apeza timizere ta argon ndi sulufule pakati penipeni pa zotsalazo, toonetsa kuti pali chinthu chotentha kwambiri chimene chikuunikira mpweyawo kuchokera m'kati. Njira yake idali yomwe ija ya Bambo Secchi padenga la tchalitchi.

Akatswiri amaŵerengera kuti m'mlalang'amba wonga wathu mumaphulika nyenyezi imodzi kapena ziŵiri pa zaka 100 zilizonse, kungoti zambiri zimabisika ndi fumbi. Yomaliza kuoneka bwino ndi maso m'mlalang'amba wathu ikadali ija ya 1604. Tsopano makina okola ma neutrino m'maiko osiyanasiyana adalumikizidwa kuti ikadzaphulika ina adzachenjeze openya nyenyezi kuŵala kusanafike. Koma makinawo sangasankhe kumene kudzakhale usiku pa ora limenelo, kapena kumene kudzakhale kopanda mitambo. Mwina kudzakhala ku Chile, mwina kudzakhala m'chigwa chathu chino, kumene mdima wa usiku ukadali wabwino munthu akatalikirana ndi magetsi a pamsika ndi nyali za asodzi a usipa. Kuyeza koyamba sikulira zambiri: kupeza nyenyezi ziŵiri zapafupi, ina yoŵala kuposa mlendoyo ina yochepera, kuona kuti iye ali pati pakati pa ziŵirizo, ndi kulemba tsiku, ora ndi mphindi.

Ndi m'mene ankachitira Albert Jones. Iye sadaphunzire zakuthambo ku yunivesite. Adagwirapo ntchito pachigayo, m'sitolo ya zakudya ndi m'fakitale yolumikiza magalimoto, ndipo telesikopu yake adaipanga yekha mu 1948. Adamwalira mu 2013 ali ndi zaka 93, atalemba kuŵala kwa nyenyezi maulendo oposa 500,000.